Nsomba Zidikire Kaye

Ana anga, senderani pafupi ndikuuzeni za nsomba zimene ndinapha ndi manja angawa. Sindinazithire katupe. Sindinazimane chakudya. Ndinkazikonda, ndinkazidyetsa m'mawa ndi madzulo, usiku n'kumadzuka ndi tochi kukazisuzumira. Koma zinafa. Chinazipha ndi phuma langa, ndi khutu langa losamva.

Ndikulemba izi chifukwa ndikuona ambiri a inu mwakopeka ndi ulimi uja mukuuona pa foni, wotchedwa akwaponikisi: nsomba m'thanki, madzi ake n'kumapita kukathirira ndiwo zamasamba zodzalidwa pa timiyala, kenaka n'kubwerera kwa nsomba atayera. Mwaukonda, ndipo simunalakwe. Kuno ku Mulanje malo atithera. Kumtunda kuli phiri, kumunsi kuli tiyi wa m'maesiteti, ife tapanikizana pakati. Munda wa agogo unagawidwa kwa ana, wa anawo unagawidwanso kwa adzukulu, mpaka wachinyamata wa lero watsala ndi kamalo kongokwana nyumba, bafa ndi chimbudzi. Ulimi wotheka kuseri kwa khitchini ndi wa anthu ngati ife. Koma makanema a pa Facebook amakuonetsani letesi wobiriwira ndi nsomba zonona basi. Sakuonetsani masabata asanu kapena asanu ndi limodzi oyambirira, pamene pampu imangolira, madzi n'kumazungulira, m'thanki mulibe nsomba ngakhale imodzi. Ine ndinalumpha masabata amenewo. Ndinawalumpha kawiri. Kawiri konseko ndinakwirira nsomba.

Kale ndinali ndi damu kudambo, chakufupi ndi mtsinje wa Ruo. Zaka 12 ndinaweta makumba ndi chilunguni mmenemo. Mu Marichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Zimene anachita kuno ndi ku Phalombe simufunika kuuzidwa: matope ndi zimiyala zotsika m'phiri, midzi yokokoloka usiku, abale athu amene mpaka lero sitinawaone. Ine ndinataya damu lokha, ndipo ndimathokoza Mulungu. Pamene panali damupo panatsala mchenga wokhawokha. Mwana wanga amene ali ku Johannesburg anati, "Bambo, musakakumbenso kudambo. Ikani nsomba pakhomo, pamalo okwera." Anatumiza ndalama ya pampu ndi sola. Ine ndinagulitsa mbuzi ziwiri, n'kugula thanki ya pulasitiki ya malita 1,000, ija yozingidwa ndi zitsulo, ndi migolo itatu yabuluu imene ndinaidula pakati m'litali kuti ikhale mabedi asanu ndi limodzi. M'mabedimo ndinadzazamo miyala ya kwale.

Tinamaliza kulumikiza mapaipi Lachisanu, kumapeto kwa Meyi. Madzi anayenda. Anali oyera mbee, ngati a ku Likhubula. Loweruka ndinakagula tiana ta makumba 150, kukula kwake ngati chala chamkombaphala. Lamulungu anthu pochokera kutchalitchi anadzaza pakhomo panga kudzaona, ndipo mtima wanga unali m'mwamba.

Lolemba kunadutsa mlangizi wa za nsomba, mayi wachitsikana, msinkhu wa mwana wanga wachitatu. Anasuzumira m'thanki, anagwira mwala wa m'bedi n'kuusisita ndi chala, kenaka anafunsa kuti, "Bambo, madziwa ayenda masabata angati musanaikemo nsomba?" Ndinati tsiku limodzi. Iye anati, "Pepani bambo, zichotseni, mukazisungitse padamu la mnzanu. Madziwa sanapse." Ndinamuyankha kuti nsomba ndinayamba kuweta iye asanamalize sukulu. Anangoti, "Ndamva bambo," n'kukwera njinga yake. Wakutsina khutu ndi mnansi, ana anga. Ine ndinamuona ngati mwana wopanda ulemu.

Masiku anayi oyamba zinkadya mosangalatsa, ine n'kumawonjezera chakudya. Tsiku lachisanu ndi chimodzi madzi anachita mbuu ngati munthu watsukiramo mpunga. Ankanunkha ngati khola la nkhuku losasesa. Nsomba zonse zinakwera pamwamba, kukamwa yasa, zitaunjikana pamene pamagwera madzi a paipi. M'mawa mwake ndinavuula 12 zitayandama chagada. Tsiku lotsatira ndinavuula zoposa 20.

Apa ndinawonjezera cholakwa pa cholakwa. Nthawi imeneyo kolera inali itangotizunza dziko lonse, ndipo pafupifupi nyumba iliyonse inali ndi klorini wothira m'madzi akumwa. Ndinaganiza kuti nsomba zagwidwa ndi tizilombo ta matenda. Ndinaika zotsalazo m'mabeseni, ndinakhuthula miyala yonse, ndinaitsuka ndi madzi a klorini, thanki nayonso ndinaikwecha, n'kudzazamo madzi atsopano. Ndinagwira ntchito imeneyo kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, msana kuwawa, osadziwa kuti ndikupha athandizi anga amene anali atangoyamba kumene kubadwa. Pasanathe masabata awiri, nsomba 150 zonse zinali zitatha.

Mdzukulu wanga wamkazi ndiye ankaziponyera chakudya asanapite kusukulu. Tsiku limene tinakwirira zomaliza pansi pa mtengo wa mapeyala anandifunsa kuti, "Agogo, kodi ndine ndinazidyetsa molakwa?" Funso limenelo limandipweteka mpaka lero kuposa mbuzi ziwiri zija. Mwana anasenza mlandu wa nkhalamba yosamva.

Ndinavala nsapato n'kupita kukamupeza mlangizi uja. Ndinapepesa. Sanandinyoze. Anatenga pepala n'kundifotokozera zimene ndikufuna nanunso muzisunge mumtima.

Nsomba ikadya, chimene yadyacho chimatuluka. China chimatuluka ngati ndowe, koma chambiri chimatulukira m'zofiira zija za m'mbali mwa mutu, zimene imapumira, ndipo chimatuluka ngati amoniya. Amoniya mumamudziwa. Ndi fungo lija loboola mphuno la m'khola la nkhuku, kapena la pokodzera anthu ambiri. Chakudya chotsala chikavunda pansi pa thanki chimatulutsanso yemweyo. Kwa nsomba ndi poizoni: amawotcha zopumira zake, ndipo madzi akatentha ululu wake umakula. Padamu langa la dothi vuto limeneli sindinalione, chifukwa madzi anali ambiri, nsomba zotalikirana, ndipo matope ndi ndere zinkandigwirira ntchito ine osadziwa. M'thanki ya pulasitiki yatsopano mulibe matope. Nsomba zimasambira mumkodzo wawo womwe.

Amene amazipulumutsa ndi mabakiteriya, zamoyo zosaoneka ndi maso. Inu munazolowera kumva kuti mabakiteriya amadwalitsa. Si onse. Awa ali magulu awiri, ndipo amapatsirana ntchito. Gulu loyamba, lotchedwa Nitrosomonas, limadya amoniya n'kumusandutsa naitiraiti. Gulu lachiwiri, la Nitrobacter ndi Nitrospira, limadya naitiraiti n'kumusandutsa naitireti. Mayina awiriwa akufanana ngati mapasa, choncho tcherani khutu. Naitiraiti ndi wakupha. Naitireti ndi chakudya cha mbewu, yemwe uja amapezeka mu feteleza wobereketsa wa CAN. Masamba amamuyamwa, madzi n'kubwerera kwa nsomba ali bwino. Ine kuti ndisasokoneze ndimangoti poizoni woyamba, poizoni wachiwiri, ndi chakudya cha mbewu.

Mabakiteriya amenewa si achilendo. Ali m'nthaka ya m'munda mwanu momwemo, ndipo amathandiza kukonza Urea amene mumathira m'chimanga. Katswiri wina wa ku Russia, Sergei Winogradsky, ndiye anawapatula n'kufotokoza ntchito yawo cha m'ma 1890. Simufunika kuwagula. Amabwera okha ndi fumbi, madzi ndi miyala. Koma amabwera ochepa, ndipo amaswana mochedwa. Mabakiteriya ena, monga aja otsekulitsa m'mimba, amatha kuchuluka kawiri pa mphindi 20 zokha. Awa amafuna pafupifupi tsiku lathunthu kuti mmodzi akhale awiri. Sakonda kuyandama m'madzi. Amamatirira pa miyala, m'mapaipi ndi m'mbali mwa thanki, ngati kuterera kuja mumakumva mukaponda mwala wa mumtsinje. N'chifukwa chake mlangizi uja anasisita mwala wanga ndi chala. Anaupeza wokhakhala. Anadziwiratu kuti m'nyumbamo mulibe wantchito.

Ndiye mvetsani, ana anga. Ziweto zanu zoyamba si nsomba. Ziweto zanu zoyamba ndi mabakiteriya. Muwawete kaye. Muwadyetse kaye. Achuluke kaye. Amayi anu akagula mphika wadothi watsopano saphikamo nyemba tsiku lomwelo. Amayamba awiritsamo madzi a gaga kuti ukhwime. Thobwa nalo saphika m'mawa n'kumwetsa alendo masana. Amathira chimera n'kulisiya ligone. Makolo athu ankadziwa kudikira ntchito yosaoneka ndi maso. Fupa lokakamiza limaswa mphika.

Mwina mukuganiza kuti nditamva zimenezi ndinachenjera. Ayi. Ndinachenjera theka, ndipo theka linalo linandiphetsanso nsomba.

Mu Julayi ndinayambanso. Mwana wanga anatumiza pa basi kabokosi koyezera madzi, kokhala ndi timabotolo ta mankhwala odontheza ndi khadi la mitundu. Ulendo uno ndinayendetsa madzi opanda nsomba, ndikuponyamo chakudya cha nsomba pang'ono kuti chivunde. Koma unali mwezi wa chiperoni. Mukudziwa mmene zimakhalira kuno: nkhungu yochokera ku Mozambique kuphimba phiri, kamvula kowaza masiku atatu kapena anayi, dzuwa osaoneka, madzi ozizira ngati a pa Dziwe la Nkhalamba. Mabakiteriyawa amakonda madzi ofunda, a madigiri 25 mpaka 30. Kukazizira amachita ulesi. Ine ndinkayeza amoniya yekha, poti ndiye anandiphera nsomba zoyamba. Botolo la naitiraiti sindinalitsekule n'komwe. Patapita masabata anayi, madzi a m'kagalasi koyezera anasiya kubiriwira n'kukhala achikasu, kusonyeza kuti amoniya watha. Ndinasangalala. Ndinabwereka ndalama ku banki m'khonde n'kugula nsomba 60.

Madzi anali oyera. Sankanunkha. Mukanabwera kudzaona mukanati agogo achita bwino. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Gulu loyamba la mabakiteriya linali litakula, likugwira ntchito yake, likusandutsa amoniya yense kukhala poizoni wachiwiri. Koma gulu lachiwiri linali lisanachuluke, chifukwa limayamba kuswana pokhapokha chakudya chake chikapezeka, ndipo kuzizira kumalibweza m'mbuyo kwambiri. Naitiraiti alibe fungo. Alibe mtundu. Amalowa m'magazi a nsomba, magaziwo n'kulephera kunyamula mpweya. Nsomba imabanika ili m'madzi odzaza ndi mpweya. Zanga zinayamba kungokhala duu m'makona, osadya. Nditatsekula kumbali kwa mutu kwa imodzi yakufa, zopumira zake, zimene zimayenera kukhala zofiira psuu, zinali zabulauni ngati fodya wouma. Nditadontheza mankhwala a botolo lachiwiri lija, madzi anasanduka pepo wodera nthawi yomweyo.

Mlangizi anandiuza pa foni kuti ndisiye kudyetsa, nditaye theka la madzi n'kuthira ena ogonetsa, ndiponso ndisungunulemo mchere wamba, kilogalamu imodzi pa malita 1,000, osapitirira, chifukwa mchere umatchinga naitiraiti kulowa m'magazi koma ukachuluka umapweteka masamba. Ndinapulumutsa 22, n'kukazisungitsa kwa mlamu wanga. Zina 38 zinapita. Ngongole ya ku banki m'khonde ndinaibweza ndi nthochi ndi chinangwa zimene zikanadyetsa banja. Mayi a kunyumba sanandikalipire. Anangokhala chete, ndipo chete ameneyo anali wolemera.

Ulendo wachitatu ndinadikira mpaka Sepitembala. Nanunso yambani mu Sepitembala kapena Okutobala, kukatentha, mvula isanayambe. Musayambe mu Juni. Musayambe mu Julayi. Ndanena.

Miyala muziiyesa musanagule. Dontherezani vinega pa mwala umodzi. Ukachita thovu, ndi mwala wa laimu, usiyeni, chifukwa udzakweza pH, muyeso uja wa kuwawasa kwa madzi, ndipo pH ikakwera amoniya amapha msanga. Sankhani yokula ngati nzama kapena kuposerapo pang'ono. Itsukeni fumbi kamodzi, pachiyambi pomwe, basi. Mukatero musadzaitsukenso ndi sopo kapena klorini moyo wanu wonse. Madzi a pampopi ali ndi klorini. Agonetseni masiku awiri pampu ikuyenda musanayambe china chilichonse. Madzi otsika m'phiri lathuli ndi a mvula ali ndi vuto lawolawo: alibe laimu wokwanira, pamene ntchito ya mabakiteriya imawawasitsa madzi pang'onopang'ono. pH ikatsika kupitirira 6 mabakiteriya amafooka, inu n'kumadabwa kuti zaima bwanji. Ine ndimasinja makoko a mazira ochapa bwino, kuwamanga m'kansalu n'kuwaika pamene pamadutsa madzi, kuti pH ikhale pafupi ndi 7.

Tsono mabakiteriya muwadyetsa chiyani popeza nsomba mulibe? Ine ndinagwiritsa ntchito Urea, kasupuni ka tiyi kamodzi kosasefukira pa thanki yonse ya malita 1,000. Kamodzi kokha. Apa chenjerani kwambiri. Urea sasanduka amoniya tsiku lomwelo. Pamapita masiku angapo. Mukayeza mawa lake n'kupeza palibe kanthu, dzanja lidzayabwa kuti muwonjezere. Musawonjezere. Amoniya azikhala pa mamiligalamu 1 mpaka 2 pa lita. Akachuluka kwambiri amafooketsa mabakiteriya omwe mukuwawetawo, makamaka a gulu lachiwiri. Mukaona watsika kufika pa ziro, thiraninso theka la kasupuni kuti asagone ndi njala. Ena amagwiritsa ntchito chakudya cha nsomba, ena zitosi za nkhuku zouma zomanga m'nsalu. Zitosi ine sindizikonda, chifukwa letesi timadya wosaphika, ndipo sindifuna kuti ana a m'nyumba mwanga atsekule m'mimba.

Pali njira yofupikitsa ulendo, ndipo ndi yachikale. Kumudzi moto ukazima sitipeka wina. Timakapala kwa mnansi. Chitani chimodzimodzi. Pitani kwa munthu amene mabedi ake anapsa kale, mukapemphe ndowa imodzi ya miyala yake yoterera, muisakanize ndi yanu. Muinyamule ili m'madzi, yovindikira, ndipo musachedwe nayo panjira. Ikauma ndiye kuti mwanyamula makala ozima. Koma mukapale kwa munthu amene nsomba zake zili zathanzi. Mu 2020 ku Mchinji kunabuka matenda a zilonda za nsomba, ndipo matenda otere amayenda ndi madzi, maukonde ndi ndowa. Musakatenge moto pamodzi ndi maliro.

Pampu iziyenda usana ndi usiku. Mabakiteriyawa amapuma mpweya ngati inu ndi ine, ndipo madzi akaima nthawi yaitali amabanika. Ngati mukudalira sola, batire si chinthu choti mudzagula m'tsogolo. Muligule pamodzi ndi pampu. Ngati mukudalira magetsi a mawaya, konzekeranitu za tsiku limene adzazime: chidebe chili pafupi, muzitunga m'thanki n'kumathira m'mabedi. Thanki muiphimbe kuti dzuwa lisalowe, chifukwa kuwala kwake kumapha mabakiteriya asanamatirire, ndiponso kumabweretsa ndere. Ikaninso kadenga, poti mvula ya ku Mulanje ikagwa usiku umodzi imatha kusintha madzi onse a m'thanki.

Kenaka gulani kope. Kope wamba la ana a sukulu. Yezani madzi pakapita masiku awiri alionse, nthawi yofanana, n'kulemba. Maso amanama, mphuno imanama, mtima wofuna nsomba umanama koposa. Kope silinama. M'kope langa, sabata yoyamba amoniya anabiriwira. Cha pa tsiku la 10 anayamba kutsika, ndipo kagalasi ka naitiraiti kanayamba kusanduka pepo, mtundu weniweni wa maluwa a jakaranda amene ankayoyoka m'misewu nthawi imeneyo. Pepo ameneyo anakhala. Sabata inatha, pepo. Sabata ina inatha, pepo. Apa ndi pamene mtima umatopa. Apa ndi pamene ndinagwera pa ulendo wachiwiri uja. Munthu umayamba kudziuza kuti mwina mankhwala oyezerawa ndi owonongeka, mwina nsomba zochepa sizingafe. Zingafe. Khalani pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo anthu adzakusekani. Ine anyamata a kabaza podutsa pamsewu ankakuwa kuti, "Agogo, madzi aja akula bwanji?" Mudzi wonse unkati ndikuweta madzi. Ndikudziwa kuti kwa inu achinyamata kusekedwa kumawawa kuposa njala. Mudzafuna kuikamo nsomba kuti anzanu aone, kuti mujambule chithunzi muike pa WhatsApp. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Osekawo sadzakuthandizani kubweza ngongole. Inu ndinu ana a ku Mulanje. Mukadzala chinanazi mumadikira chaka ndi theka osadandaula. Makolo anu amene agwira ntchito m'nazale za tiyi akuuzani kuti kamtengo kamatha miyezi yambirimbiri m'chubu kasanapite kumunda. Masabata asanu akulepheretseni bwanji?

Manja akamayabwa, dzalani. Pofika sabata yachiwiri kapena yachitatu mukhoza kuwokera mbande za chainizi, mpiru kapena letesi, mutatsuka dothi kumizu. Zidzaoneka zachikasu poyamba. Musazithire feteleza wowonjezera, ndipo mankhwala ophera tizilombo asayandikire n'komwe, lero ngakhale m'tsogolo, chifukwa chilichonse chogwera pa tsamba chimathera kwa nsomba. Matimati adikire miyezi ingapo. Ndi adyera, amafuna madzi okhwima.

Pa tsiku la 33, m'mawa, ndinadontheza mankhwala m'kagalasi, ndinagwedeza, ndinadikira mphindi zisanu. Madzi anakhala abuluu ngati kumwamba kopanda mitambo. Ndinayezanso kachiwiri poopa kuti maso andinamiza. Buluu. Kagalasi kachitatu, ka chakudya cha mbewu, kanali kofiirira ngati katondo. Ndinaitana mdzukulu wanga kuti aone ndi maso ake. Komabe sindinathamangire nsomba. Ndinathiranso kasupuni ka Urea n'kuyeza masiku atatu otsatizana. Poizoni woyamba sanaunjikane. Poizoni wachiwiri sanaoneke. Chakudya cha mbewu chinapitiriza kukwera. Nditagwira mwala wa pansi pa bedi unaterera m'zala. Madzi anali atapsa.

Ngakhale apo, musadzaze thanki tsiku limodzi. Mabakiteriya amachuluka molingana ndi chakudya chimene akhala akulandira. Mukawaunjikira katundu mwadzidzidzi, poizoni amabwereranso. Ine ndinaika 30, thumba lake nditaliyandamitsa kaye m'thanki kwa theka la ola kuti madzi afanane kutentha. Tsiku loyamba sindinazidyetse. Patapita masabata awiri, kope litandilola, ndinawonjezera zina. Buku la bungwe la FAO la 2014 lonena za ulimi umenewu limati nsomba zisapitirire makilogalamu 20 pa malita 1,000. Kwa woyamba kumene ine ndikuti theka lake ndi lokwana. Werengerani kulemera kumene zidzafike zikakula, osati kumene zili lero. Chakudya chotsala pakatha theka la ola chivuuleni.

Mbewu ya nsomba mutenge ya kwathu konkuno: makumba, chilunguni, chambo kapena mlamba, kwa alimi odziwika ndi alangizi, kapena ku Domasi ku Zomba kumene boma limaswetsa nsomba. Wina akakunong'onezani kuti ali ndi mtundu wachilendo wokula msanga wolowera pa Muloza, mukaneni. Malamulo a dziko lino salola kulowetsa nsomba zachilendo popanda chilolezo, ndipo namondwe wina akadzabwera nsomba zoterozo zidzathera mu Ruo ndi mu Shire n'kukasokoneza zathu. Ena adzakuuzani kuti mlamba sufa, ndiye palibe chifukwa chodikira. N'zoona kuti mlamba umapirira, poti umatha kupuma mpweya wa kunja. Koma naitiraiti amalowanso m'magazi ake. Kupirira kwa chiweto si chilolezo chochizunza.

Ndikudziwa kuti kabokosi koyezera ndi kodula, ndipo si aliyense ali ndi mwana ku Johannesburg. Sonkhanani asanu kapena khumi mugule kamodzi. Timabotolo take timayeza kambirimbiri. Funsani alangizi a za nsomba kuboma, ndipo mukafunsa mumvere, ngakhale wokuyankhaniyo akhale wamng'ono kwa inu. Safunsa anadya phula, koma ine ndinauzidwa osafunsa n'komwe, n'kudyabe phulalo. Zikakanika zonse, werengani masabata asanu ndi limodzi athunthu m'nyengo yotentha, asanu ndi atatu kapena kuposa m'nyengo yozizira, mukuthira theka la kasupuni ka Urea sabata iliyonse. Sabata yomaliza musathire kanthu. Mukatero ikani nsomba zisanu zokha, muzione sabata yathunthu. Zikamadya ndi mphamvu, zikamasambira pakati pa madzi osati pamwamba, wonjezerani pang'ono.

Pa Isitala ya 2024 tinavuula makumba oyamba, okula ngati chikhatho. Mdzukulu wanga uja ndiye anagwira ukonde, ndipo chainizi wa pambali pake anathyola yekha m'bedi lachitatu. Kuchokera tsiku limene madzi anapsa sindinakwirirenso nsomba pansi pa mtengo wa mapeyala.

Amene muli kufupi, mukamaliza kulumikiza mapaipi bwerani ndi ndowa yokhala ndi chivindikiro mudzapale miyala ya m'mabedi mwanga. Sindigulitsa. Koma mubwere ndi kope lanu m'manja, ndipo mubwere musanagule nsomba.